Mazenera pa Diresi la Amayi

Bambo anga ndi telala, ine ndimakonza makompyuta, ndipo tonse awiri timadana ndi kuuzidwa zochita. Amayi ali moyo ankati nyumba yathu ili ndi mabwana awiri, wantchito mmodzi. Dzina loti Tsabola anandipatsa ndi iwowo, ndipo sindikana, pakamwa panga pamawawadi.

Amayi anatisiya zaka zinayi zapitazo. Chaka chatha makutu a bambo anayamba kugontha. Lakumanzere linatsekeka kaye, lakumanja linkatsatira pang'onopang'ono. Adokotala sanazungulire. Anati chimene bambo akufuna kumva achimve panopa, chifukwa sangalonjeze za chaka chamawa. Titafika kunyumba kuchokera kuchipatala, bambo anatsegula kabati ya makina awo osokera, mmene amasunga mabatani ndi mazipi akale, n'kutulutsamo kaseti.

"Iyi," anatero. "Ndikufuna ndiyimbe naye."

Kasetiyo ndinkaidziwa, ngakhale ndinali ndisanaimvereko chimwalirire amayi. Munali nyimbo imene bambo anapeka okha masiku amene ankafunsira amayi. Amayi anaiyimba tsiku lina akusita zovala, bambo akujambula ndi wailesi yobwereka. Pangano linali loti ayimbe awiri, koma bambo manyazi anawagwira, n'kungoima chilili atagwira wailesi. Ndiye m'kasetimo munali mawu a amayi okha, ndi kugunda kwa simbi akamaiika patebulo.

"Zosavuta zimenezo," ndinatero. Mawu amenewa amandipulumuka msanga, ndipo andiika m'mavuto kangapo.

Kompyuta ya bambo ndinailumikiza ndekha ndi zotsala za kushopu kwanga. Bokosi linali la kasitomala amene anagula lina, fani inali yakale, purosesa inali yotchipa, ija amaiika pansi penipeni pa shelefu. Purosesa ndi kachitsulo kakang'ono ngati bisiketi, kamene kamaganizira kompyuta yonse. Polemba makalata ndi kuonera zithunzi za adzukulu, kanthuko kankakwanitsa. Koma ntchito imene ndinakapatsa tsopano inali ina. Kankayenera kuyimba mawu a amayi amene ndinakopera kuchoka m'kaseti, kutenga mawu a bambo pa maikolofoni, kukweza mbali zimene khutu lawo silinkagwiranso, n'kubweza zonsezo m'mahedifoni nthawi yomweyo. Mawu akachedwa ngakhale pang'ono, bambo ankasokonezeka, chifukwa pakamwa pankanena china khutu likumva cham'mbuyo.

Kanalephera. Nyimbo inkadukaduka, mawu a amayi akugwidwa pakhosi mzere uliwonse.

Bambo anavula mahedifoni, n'kuwaika pansi mwaulemu. "Mayi ako sankachita chibwibwi," anatero.

Purosesa yatsopano sindikanaikwanitsa nyengo imeneyo, ndipo khutu silikanandidikira. Panatsala njira imodzi, yoti ndiithamangitse imene inalipoyo kupyola liwiro limene anaipatsa kufakitale. Anzanga pantchito amati kuchita ovakiloko. Ndinawafotokozera bambo kuti zili ngati kupalasa makina osokera mwachangu kuposa mmene anapangidwira.

"Singano imatentha," anatero. "Ulusi umaduka."

"Ndikudziwa. Ntchito yanga ndi kupeza poima ulusi usanaduke."

"Iwe umadziwa poima?"

Ndinanyamula kompyuta n'kupita nayo kushopu.

Shopu yanga ndi kachipinda kopapatiza kamene ndimagawana ndi bambo wina wokonza mafoni. Tonse timangomuti Wamafoni. Iye amakhala kukhomo kumene kuli mphepo, ine mkati kumene kuli fumbi, ndipo anasankha malowo ine ndili kumaliro, chinthu chimene sindinamukhululukire mpaka lero. Ataona ndikumasula bokosi anasuzumira.

"Kanthu kameneka mukufuna kathamange, achemwali? Ngakhale mutakakankha kutsetsereko sikangafulumire."

"Samala zako. Foni ya mayi uja ikukudikira chiyambire Lolemba."

Ntchitoyi siifuna munthu wa mtima wapachala, ndiye mungaone nokha mmene inandizunzira ine. Ndinayamba ndi kuchotsa fani yakale, n'kupukuta pamsana pa purosesa mpaka mbee. Ndinadontheza mankhwala otuwa aja onga otsukira mano, amene amathandiza kutentha kuchoka pa purosesa kupita ku chitsulo choziziritsa, kadontho kamodzi basi kofanana ndi njere ya mpunga. Pamwamba ndinamangapo fani yaikulu imene ndinachotsa m'kompyuta ina yakufa. Kenaka ndinalowa m'kati mwenimweni mwa kompyuta, muja mumatseguka ukadina batani isanadzuke bwinobwino, mmene manambala a liwiro amakhala.

Kufakitale anailembera 3.2. Ndinakweza kufika 3.3, n'kuiyatsanso, n'kuisenzetsa ntchito yolemera kwa ola lathunthu, maso anga ali pa nambala ya kutentha. Inapirira. Ndinakweza kena, n'kudikiranso ola. Umu ndi mmene amachitira, sitepe imodzi, ola limodzi, osadumpha. Ikauma osasunthanso, umaiwonjezera magetsi pang'ono kwambiri, ngati mchere wa munthu wodwala. Koma magetsi akachuluka kutentha kumakwera, ndipo kutentha ndi kumene kumapha.

Tsiku lachiwiri ndinafika 3.6. Tsiku lachitatu m'mawa 3.8, kutentha kukuima pa madigiri 72. Nditayesa 3.9 sikirini inangoti buluu, kompyuta n'kuzima yokha.

"Pepani, achemwali," anatero Wamafoni osadzutsa mutu. "Maliro aikidwa liti?"

Ndinabwerera pa 3.8, n'kuisiya ikugwira ntchito tsiku lonse. Sinatsokomole. Madzulo ake ndinaika nyimbo ija, ndipo chibwibwi chonse chinali chitatha, kupatula malo amodzi. Pakati pa nyimbo, mawu a amayi ankaima kanthawi kochepa ngati munthu wapunthwa, kenaka n'kupitiriza. Zinandinyansa, koma ndinati ndidzaziona bwino. Ndinene chilungamo, nyimboyo sindinkaimvetsera kwenikweni. Ndinkaiyatsa, n'kutsitsa mawu, n'kumayang'ana manambala. Manambala sakuliritsa munthu pamaso pa Wamafoni.

Ndinapita nayo kwa bambo, n'kuiika patebulo pafupi ndi makina awo. Ndinawaonetsa batani lojambulira ndi loimitsira. Anati ayeserera okha, chifukwa pamaso panga sangayimbe.

"Ndine mwana wanu, bambo."

"N'chifukwa chake."

M'mawa mwake foni inalira. Bambo ankayankhula mokuwa, monga achitira anthu amene sadzimva okha.

"Tsabola! Yazima!"

Anati inayamba bwino, iwo anayeserera kangapo, koma atangoti ajambule zenizeni inazima pakati pa nyimbo. Ndinakaitenga. Kushopu inagwira tsiku lonse, madigiri 72, osagwedezeka. Ndinaibweza. Mawa lake inazimanso. Ndinasintha chingwe cha magetsi, ndinasintha soketi, ndinayeza magetsi a m'nyumba mwawo, zonse zinali bwino. Ndikakhala nawo pamenepo, kompyuta inkachita ulemu ngati mlendo. Ndikangochoka, inkazima.

Masabata awiri anapita chonchi, ine ndikunyamula bokosi uku ndi uku ngati mwana wodwala. Ndipo ndinkaona chimene chinkachitika. Bambo anayamba kutembenuza mutu wonse kuti andimve. Mahedifoni ndinkawapeza atakwezedwa mpaka kumapeto. Tsiku lina ndinagwetsa chivundikiro cha poto kukhitchini, iwo ali pabalaza, ndipo sanacheuke n'komwe. Ndinachita mantha, ndipo ine mantha anga amatulukira pakamwa.

"Mukudinadina chiyani ndikachoka?" ndinawafunsa.

"Sindidina kanthu. Awiri omwe unandionetsa aja basi."

"Ayi, pali chimene mukuchita. Inu mukaona batani mumafuna kuliyesa ngati ndi lolimba. Ine masiku atatu ndinakhala pa chinthu chimenechi, makasitomala akundidikira, inu n'kumachiseweretsa. Mukufuna nyimboyo kapena simukuifuna?"

Mawu omalizawo anawamva bwino. Khutu logontha ndi lachinyengo, limasiya zabwino n'kutola zimenezi. Anayang'ana pansi, n'kumatola tiulusi pa thalauza lawo.

"Ndikuifuna," anatero.

Ndinachoka osatsanzika bwino. Usiku umenewo sindinadye, ndipo mwamuna wanga, amene amandidziwa, sanafunse kanthu, anangondiuza kuti Loweruka shopu ikhoza kutsegulidwa mochedwa.

Loweruka m'mawa ndinapita osaimba foni. Ndinagogoda, palibe. Chitseko chinali chosakhoma, ndiye ndinalowa. Ndili m'khonde ndinamva mawu amene ndinali ndisanawamvepo moyo wanga wonse. Bambo ankayimba. Mawu okhuthala, onjenjemera pang'ono, koma olunjika ngati msoko wawo.

Anali atakhala pampando wawo wosokera, atandifulatira, mahedifoni ali kumutu. Patebulo panali kompyuta yanga, itavala diresi.

Linali diresi labuluu la timaluwa toyera, limene amayi ankavala akamapita kukaona odwala. Bambo anali atalidula n'kusoka chophimba chokwana bokosilo ndendende, makona ali gwa, m'mphepete mopindidwa kawiri. Kumbuyo anasiya kampata ka zingwe. Kutsogolo anasoka kabowo ka batani loyatsira, kokulungidwa ndi ulusi ngati ka jekete la ukwati. Kolala ya diresilo anaiika pamwamba, ndi thumba lake pambali. Ntchito inali yokongola, ndipo mphepo inalibe polowera ngakhale pamodzi.

Ndinayandikira n'kugwira pamwamba pake. Panali potentha ngati chipumi cha mwana wa malungo. Ndisanachotse dzanja, kompyuta inangoti zii. Bambo anapitiriza mawu awiri atatu okha, kenaka anaima. Anapuma mozama, n'kusisita nsaluyo ndi chikhatho. Pamenepo ndi pamene anaona dzanja langa.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali ya mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Sunanene kuti ukubwera," anatero.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Chophimba. Makina sakhala osavala. Angawa ndakhala nawo zaka makumi anayi, unayamba wawaonapo fumbi?"

"Nanga bwanji sindinachionepo?"

"Ndimachivula ukamabwera. Pakamwa pako ndimapadziwa."

"Chabwino, fumbi ndamva. Koma makina anu mumawavundukula mukamasoka. Iyi bwanji mukuiphimba ikugwira ntchito?"

Anakonza kolala ija, ngakhale inali yowongoka kale.

"Ndikamayimba ndimafuna poyang'ana," anatero. "Bokosi lakudali ndiliyimbire bwanji?"

Ndinali ndi mawu ambiri, okonzeka, ondandalikidwa bwino. Masabata awiri, maulendo asanu ndi limodzi, msana wanga, makasitomala anga. Onse anathera pomwepo. Ndinawamvera chisoni bambo anga, ndipo ndinachita manyazi ndi zimene ndinawanena. Ndinakoka mpando n'kukhala kumanja kwawo, kumene kuli khutu lamoyo.

Titadikira kuti izizire, ndinavula diresi lija mosamala, n'kuyatsa kompyuta. Ndinatenga dzanja la bambo n'kuliika kutsogolo kwa bokosi, kenaka kumbuyo, pamene fani imatulutsira mphepo yofunda.

"Imapuma, bambo. Apa imakoka, apa imatulutsa. Kale inkangoyenda, tsopano ndaithamangitsa, ndiye ikupuma wefuwefu. Ikasowa mpweya imatentha, ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha kuti isapse."

Dzanja lawo linakhalabe pamphepopo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndimamubanikitsa," anatero chapansipansi.

"Simunkadziwa. Ndi ine sindinakuuzeni. Pepaninso za tsiku lija."

Anagwedeza mutu ngati akuthamangitsa ntchentche. Bambo kupepesedwa kumawachititsa manyazi kuposa kukalipiridwa. Ndinati diresilo tikhoza kulikoleka pampando kuti aziliyang'ana. Anandiyang'ana ngati ndanena zachibwana.

"Chovala chikathina sititaya," anatero. "Patse tepi. Ndi choko chija chili m'mbalemo. Undionetse paliponse pamene imapumira."

Anayeza bokosilo ngati kasitomala wolemekezeka, tepi ili pakhosi, mapini ali pakamwa. Ine ndinkaloza, iwo ankalemba. Zenera limodzi kutsogolo, lina lalikulu kumbuyo, lachitatu pambali moyang'anizana ndi fani. Atayala nsalu patebulo n'kutenga sizasi, dzanja lawo linaima. Zenera lapambali linkadutsa pathumba. M'thumba limenelo amayi ankasungamo maswiti opatsa ana a odwala, ndipo ena ankathera mwa ine.

"Lisuntheni pang'ono," ndinatero. "Ikwanitsabe."

"Iwe wati mphepo ili apa. Tidula apa."

Anatula thumbalo ndi kalumo, msoko umodziumodzi, osang'amba kanthu, n'kulisokera kutsogolo m'munsi mwa batani. Kenaka anadula. Mazenerawo anawapinda m'mphepete, n'kuikamo lesi yopyapyala ya katani yakale kuti igwire fumbi koma mphepo idutse. Ndinawatungira ulusi m'singano, chifukwa maso nawo sali ngati kale, ngakhale iwo amati vuto ndi masingano a masiku ano. Makina awo analira m'nyumbamo kwa ola, ine ndikuwiritsa tiyi.

Tinaiveka, n'kuiyatsa. Ndinaisenzetsa ntchito yolemera n'kumayang'ana nambala. Madigiri 68, 71, 74. Inaima pa 75 osakweranso. Theka la ola, ola lathunthu, lesi ikuphepheruka pang'ono kumbuyo.

Munthu wanzeru akanaimira pamenepo. Koma ine kanthu kaja ka pakati pa nyimbo kanali kakundidyabe. Ndinati bambo asajambule kaye, ndiyeserenso 3.9, ndiwonjezere magetsi mpaka igwire. Ndinkadziwa kuti ndi diresi limenelo kutentha kudutsa malire, ndipo purosesa ikapsa ndiye kuti basi, nyimbo yathera pomwepo. Komabe zala zinali kale pa kiyibodi. Sindinkafuna kupereka kwa bambo amayi opunthwa.

"Ukusakanso chiyani?" anafunsa bambo.

"Pali malo amodzi pamene ikudukizabe. Mawu akuima pakati. Ndikufuna ndichotse."

"Pati? Ine sindinamve."

Ndinaganiza kuti ndi khutu lija, ndipo mtima unandiwawa. Ndinawaveka mahedifoni, ine n'kulumikiza anga, n'kuyambitsa nyimbo chapakati. Amayi anayimba mizere iwiri. Simbi inagunda patebulo. Kenaka phee. Kenaka anapitiriza.

"Apo," ndinatero. "Mwamva?"

"Bweza."

Ndinabweza. Anamvetsera atatsinzina. Pamene panafika phee paja, mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaona kuti akuseka, misozi ili m'maso.

"Tsabola, mwana wanga, chotsa manja pamenepo. Si kompyuta yako imeneyo. Apo ndi pamene ndinkayenera kulowa ine."

Ndinachotsa manja pa kiyibodi.

"Mayi ako anaika simbi pansi, n'kundiyang'ana, kundidikira. Ine ndangoti kakasi ndi wailesi ya eni ake m'manja. Ataona kuti sindilowa anapukusa mutu n'kupitiriza yekha. Malaya anga anapsa kolala tsiku limenelo."

Wokonza makompyuta aliyense, ngakhale Wamafoni amene sadziwa kanthu, akanakuuzani kuti vuto lobwera pamalo amodzimodzi nthawi zonse si la purosesa. Ine ndinazidziwa zimenezo kuyambira chaka choyamba cha ntchito. Koma masabata atatu onsewo ndinali ndikuyang'ana manambala kuti ndisamve amayi anga. Ndinabwezanso malo aja, n'kukweza mawu, n'kumvetsera bwinobwino kwa nthawi yoyamba. Simunali chete m'menemo. Munali kampweya ka m'mphuno, kaja ankatulutsa amayi munthu akawakhumudwitsa koma akufuna kuseka. Ankanditulutsira ine kameneko tsiku lililonse.

Ndinalira pamenepo, osabisa. Bambo anapisa dzanja m'thumba la diresi, n'kutulutsa kansalu kotsala podula zenera, n'kundipatsa.

"Usiye pamene ilipo," anatero. "Yathamanga mokwanira."

Ndinatuluka m'manambala muja osasintha kanthu. Ndinawongola maikolofoni, n'kuimirira kuti ndikadikire kukhonde.

"Khala," anatero bambo. "Ukachoka imazima."

Ndinakhala. Ndinadina batani lojambulira. Amayi anayamba, bambo akuwerenga ndi phazi pa chopalasira cha makina awo, maso ali pa kolala yabuluu. Mzere woyamba, wachiwiri. Simbi inagunda. Pa phee paja bambo analowa, ndipo amayi atapitiriza anawapeza ali kale m'njira. Anafika kumapeto limodzi. Kompyuta inali pa madigiri 75.

Anamvetsera zimene tinajambulazo katatu, dzanja litapanikiza hedifoni kukhutu lakumanja.

"Ndalowa bwino?"

"Mwalowa bwino, bambo."

"Mochedwa pang'ono," anatero. "Ndi zaka makumi anayi basi."

Khutu lija linatsekeka patatha miyezi inayi. Masiku ano timayankhulana ndi choko pa thabwa lawo lodulira nsalu, ndipo amati ndikalemba ndimakhala waulemu kuposa ndikamayankhula. Kompyuta ikadali pa 3.8. Kamodzi pamwezi ndimapita kukaipukuta fumbi, iwo n'kuchapa diresi.

Nyimbo ija amaiyatsabe m'mawa uliwonse asanayambe kusoka. Mahedifoni anasiya kuvala. Amangoyang'ana pasikirini, pamene mawu a amayi amaoneka ngati mzere wokwera ndi kutsika, phazi likuwerenga. Mzerewo ukagona pansi pamalo paja, bambo amalowa, ndipo sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi.